Chikuto Sichilira Nkhope za Akuluakulu

Pa sukulu ina kuno ku Santhe ophunzira adakonza magazini yawo. Mtsikana amene adapatsidwa ntchito ya chikuto adajambula mkombero umodzi wofiira, mizere itatu yakuda yonga ya m'munda wa fodya, ndi dzina la magaziniyo m'zilembo zikuluzikulu zosapotoka. Akuluakulu a komiti adachikana. Adati chimenechi nchachizungu ndiponso ndi ulesi. M'malo mwake adaunjikapo nkhope zawo zisanu, maluwa m'mbali monse, ndi zilembo zamichira zimene ngakhale ife aphunzitsi tidaziwerenga modzandira. Ine ndikuti akuluakuluwa adalakwa.

Nzoona kuti luso lotere lidatchuka ku Ulaya. M'chaka cha 1917, ku Holland, Theo van Doesburg adayambitsa magazini yotchedwa De Stijl, ndipo Vilmos Huszár adaikonzera chikuto cha timabokosi takuda, popanda nkhope ya munthu. Zilembo zake nazonso adaziumba ndi timabokosi, ndipo pamenepo ndivomere kuti adapitiriza muyeso, pakuti zimavuta kuwerenga. Amene adawongola zinthu ndi Jan Tschichold wa ku Germany. M'buku lake la 1928 adaphunzitsa kuti ntchito yoyamba ya chilembo ndi kuwerengedwa, ndi kuti malo osalembapo kanthu nawonso ali ndi ntchito pa tsamba. Boma la Hitler lidaona luso lotere ngati chiwembu, ndipo mu 1933 lidamtsekera m'ndende Tschichold. Munthu samangidwa chifukwa cha ulesi.

Koma kodi mkombero ndi mzere adabwera nazo ndi Azungu? Amene akunena zimenezi akaone mapanga a ku Chongoni, ku Dedza, amene bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Pa malo 127 pali zojambula pamiyala, ndipo zofiira zimene adasiya Akafula ndi mikombero, mizere ndi madontho. Ngati Dedza yatalika, ayang'ane lichero la amayi awo, mkeka umene amakhalira, kapena khoma lokongoletsedwa ndi dothi loyera, lofiira ndi lakuda pakhonde la agogo awo. Woluka lichero saika nkhope ya amfumu pakati pake, komabe palibe amene amamutcha mlesi. Timayamika luso limeneli likakhala pankhokwe, koma likafika papepala timalichitira manyazi. Chachizungu chenicheni pachikuto chija ndi mataye a akuluakulu aja!

Nanga zilembo? Mlimi aliyense wa kuno amadziwa kuti nambala ya pabelo la fodya imalembedwa mooneka bwino, yakuda bii, yopanda michira. Nambalayo ikasokonezeka ku okushoni ku Kanengo, thukuta la chaka chonse lingalowe m'thumba la munthu wina. Wolemba zikwangwani pamsika nayenso amadziwa kuti wokwera basi ali ndi kamphindi kochepa kowerengera dzina la golosale. Anthuwa sadamve za Tschichold, koma amachita zimene iye adaphunzitsa, chifukwa kulakwitsa kumawalowa m'thumba. Nchifukwa ninji ife ophunzira ndiye timakometsera mpaka mawu kusowa? Akale adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Magazini ija idatuluka ndithu, ndipo pofika chaka chotsatira awiri mwa eni nkhope zija adali atasamutsidwa. Mtsikana uja adakutira kope lake la masamu ndi chikuto chokanidwacho, ndipo dzina la magaziniyo ndinkaliwerenga ndili chilili kubolodi, iye atakhala pa desiki lakumbuyo.