Ng'anjo ya mchere si nzeru ya dzulo

Sabata yatha, magetsi atathima, mnzanga wina adandionetsa uthenga pafoni woti asayansi atulukira ng'anjo yatsopano ya nyukiliya yoyendera mchere, yomwe akuti singaphulike. Ndidamuuza kuti nkhaniyi ili ndi choona chake, koma si yatsopano. Idayamba dziko lathu lisadalandire ufulu.

Mu 1954, akatswiri a ku Oak Ridge, m'chigawo cha Tennessee ku America, adayesa ng'anjo yotere pofuna ndege yankhondo yoyendera nyukiliya. Ndegeyo sidatheke, koma mkulu wa malowo, Alvin Weinberg, sadataye ganizolo. Adamanga ng'anjo ina yomwe idagwira ntchito kuyambira 1965 mpaka 1969.

Mchere wake si wa m'ndiwo ayi. Ndi wa lithium, beryllium ndi fluorine. Ukatentha kupitirira madigiri 450 umasungunuka n'kumayenda ngati madzi, ndipo yureniyamu amamusungunulira momwemo. Ng'anjo zambiri za masiku ano zimazizira ndi madzi opanikizidwa kwambiri kuti asawire. Makina opopa madziwo akaima, ngozi yafika, monga zidachitikira ku Fukushima mu 2011. Mchere ayi: ku Oak Ridge unkatentha madigiri pafupifupi 650 osawira, osafuna kupanikizidwa. Pansi pa ng'anjoyo adaika chotsekera cha mchere wouma chomwe amachiziziritsa ndi mphepo. Mphepoyo ikasiya, chotsekeracho chimasungunuka ndipo mchere wonse umatsikira wokha m'matanki.

Mu 1968 ng'anjoyi idakhala yoyamba kuyendera yureniyamu-233, yemwe amapangidwa kuchokera ku thorium, mwala wopezeka wambiri m'nthaka kuposa yureniyamu.

Nanga bwanji sidafale? Apa ndi pomwe uthenga wa mnzangayo udakhala chete. Ng'anjo ija sidapangepo magetsi. Kutentha kwake ankangokutayira mumpweya. Ataiunika pambuyo pake, adapeza timing'alu m'zitsulo zake, tobwera chifukwa cha tellurium. Boma la America lidasankha kuika ndalama pa ng'anjo ya mtundu wina, Weinberg adachotsedwa paudindo mu 1973, ndipo ntchitoyo idafa.

Amene aidzutsa ndi a ku China. Mu 2023 adayatsa ng'anjo yaing'ono yoyesera ku Wuwei, m'chigawo cha Gansu, ya mamegawati awiri okha a kutentha.

Maganizo anga ndi awa. Zoti mchere ungasunge moto wa nyukiliya zidatsimikizika kale. Chomwe sichidaoneke ndi ng'anjo yaikulu yogulitsa magetsi zaka makumi angapo, zitsulo zosadyeka, pamtengo woti anthu n'kukwanitsa. Ife amene tili ndi yureniyamu ku Kayelekera tiitsatire nkhaniyi mwachidwi. Koma wina akadzabwera kudzatitsatsa ng'anjo ya mchere, tidzamufunse kuti ina yotere ikuyatsa nyumba zingati, ndipo kuti.