Botolo Silinajambulepo Chithunzi

Pali bodza lina lomwe anthu okonda zaluso amalisamala ngati dzira. Bodzali limati mmisiri weniweni ayenera kukhala wosokonekera mutu, chidakwa ndiponso wozunza anzake, chifukwa luso lalikulu limaphuka pa mtima wosweka basi. Kanema wotchedwa Pollock, yemwe adatuluka m'chaka cha 2000, akuthirira bodza limeneli ngakhale kuti adakonzedwa mwaukatswiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kanemayu akusimba za moyo wa Jackson Pollock, mmisiri wa zojambulajambula wa ku America yemwe adabadwa m'chaka cha 1912 ku Cody, m'chigawo cha Wyoming. Zithunzi zomwe adatchuka nazo zilibe nkhope ya munthu, nyama kapena mtengo. Iye ankayala chinsalu chachikulu pansi, nkumachizungulira uku akudonthezera ndi kuwaza penti ndi kamtengo kapena burashi youma. Ed Harris, yemwe adatsogolera kanemayu ndi kusewera ngati Pollock, adayamba waphunzira kujambula kuti manja ake asaname. Pamenepa ngoyenera kumuyamikira. Vuto lagona pa zomwe kanemayu wasankha kukuza ndi zomwe wasankha kubisa.

Chitsanzo choyamba ndi chithunzi chotchedwa Mural, chomwe Peggy Guggenheim adaitanitsa m'chaka cha 1943 kuti achipachike m'nyumba yake ku New York. Chinsalu chake nchotalika pafupifupi mamita 6. M'kanemamu Pollock akungochiyang'ana chinsalucho masiku ambirimbiri osachikhudza, kenaka ngati wagwidwa ndi mizimu akudzambatuka nkuchimaliza usiku umodzi. Nthano imeneyi idafala kwa zaka zambiri, ndipo okonza kanemayu adaimeza osatafuna. Koma akatswiri a ku Getty, mumzinda wa Los Angeles, atachipima chithunzichi pakati pa 2012 ndi 2014 adapeza kuti penti wina adayamba wauma asanapakepo wina pamwamba pake. Ntchitoyi idatenga masabata. Wina anganene kuti m'chaka cha 2000 izi zidali zisanadziwike. Nzoona, komabe kanemayu akuonetsedwabe mpaka lero, ndipo oonera akupitiriza kumwa nthano ya usiku umodzi ngati mbiri.

Choipitsitsa ndi momwe kanemayu akufotokozera chiyambi cha luso lodonthezera penti. Akuti tsiku lina penti adangodontha mwangozi kuchoka ku burashi nkugwera pansi, Pollock nkutseguka maso pomwepo. Kodi luso limatoledwa panjira ngati ndalama yogwa? Pollock adayamba kuphunzira kwa Thomas Hart Benton ku Art Students League m'chaka cha 1930. M'chaka cha 1936 adagwira ntchito ndi mmisiri wa ku Mexico, David Alfaro Siqueiros, yemwe ankayeserera kuthira ndi kuwaza penti wa m'mafakitale. M'chaka cha 1941 adaonerera Amwenye a mtundu wa Navajo akujambula pansi ndi mchenga wa mitundumitundu. Dontho lija lidali ndi zaka zoposa khumi za maphunziro kumbuyo kwake, koma maphunziro sakoma kuonera, choncho adawasiya panja.

Zomwe zimakoma kuonera ndi uchidakwa, ndipo kanemayu sadaumire nawo. Woonera akumuona Pollock akukodza pamalo osonkhapo moto m'nyumba ya Guggenheim alendo akupenya. Akumuona akugubuduza tebulo lodzaza ndi chakudya. Akumuona akutukwana mkazi wake. Zoterezi zalembedwadi m'mbiri ya moyo wake, ndipo palibe chifukwa chozibisira. Koma zikaunjikidwa chonchi pafupi ndi zithunzi zokongola, wachinyamata woonera amatuluka ndi ganizo lakuti mowa ndi luso ndi mapasa. Zaka zenizeni zikukana ganizo limeneli. Kuyambira 1948 kufikira Novembala 1950 Pollock adaleka mowa, mothandizidwa ndi dokotala wa m'dera lake. M'nyengo yomweyo ndi momwe magazini ya Life, m'chaka cha 1949, idafunsa ngati iye sadali mmisiri woposa onse amoyo m'dziko la America. Zithunzi zake zolemekezeka koposa, monga Autumn Rhythm, Lavender Mist ndi One: Number 31, zonse nza m'chaka cha 1950, mutu uli wozizira. Atabwerera ku botolo, ntchito idayamba kuchepa chaka ndi chaka, ndipo m'chaka chake chomaliza sadajambule chithunzi nchimodzi chomwe. Kanemayu akuionetsa ndithu nyengo yoleka mowa ija, koma akuidutsa mothamanga, pomwe pa kugwa kwa munthuyu akukhalitsapo ngati pa phwando.

Palinso amayi awiri omwe nkhaniyi yawachepetsa. Lee Krasner, yemwe adakwatiwa ndi Pollock m'chaka cha 1945, adali mmisiri wodziwika kale asanakumane naye. Marcia Gay Harden adalandira mphotho ya Oscar chifukwa chosewera ngati iye, koma mbali yomwe adapatsidwa ndi ya mlezi: kudyetsa, kupirira, kusaka ogula zithunzi za mwamuna. Za m'manja mwake zikungooneka mwa apo ndi apo, chonsecho mayiyu adajambula mpaka pafupi ndi imfa yake m'chaka cha 1984, ndipo Museum of Modern Art ya ku New York idachititsa chionetsero chachikulu cha ntchito zake.

Wachiwiri ndi Edith Metzger. Usiku wa pa 11 Ogasiti 1956 Pollock, ali chiledzerere, adayendetsa galimoto mwaliwiro pafupi ndi kwawo ku Springs, pa chilumba cha Long Island, mpaka kukagubuduzika nayo. Iye adafera pomwepo ali ndi zaka 44. Chibwenzi chake, Ruth Kligman, adapulumuka. Metzger, mnzake wa Kligman yemwe adangobwera kudzacheza, adafa ali ndi zaka 25. Kanemayu akumupatsa mphindi zochepa chabe kumapeto, akukuwa m'galimoto, ngati chokometsera imfa ya munthu wamkulu. Mtsikanayu adali atathawa ku Germany ya Hitler ali mwana, nadzaphedwa ndi dalaivala woledzera yemwe adali atangomudziwa tsiku lomwelo.