Foni ya mayi wa chambo pa Chia ilibe mlandu

Pa mlatho wa Chia, pamsewu wa M5 kumwera kwa boma la Nkhotakota, mayi wina wogulitsa chambo anandionetsa foni yake. Pulogalamu imene amalembamo ngongole za makasitomala inali itangoti njo, osayenda. Iwo ankati vuto ndi foni yotchipa. Ine ndikukana. Wolakwa ndi amene analemba pulogalamuyo pa laputopu yamphamvu m'tauni, osakumbukira kuti kunyanja kuno anthu amagwira itel ndi Tecno za memore ya 1GB kapena 2GB.

Achinyamata athu olemba mapulogalamu amathira chilichonse mu HashMap ya Java poti ndi imene anaizolowera. Hash table payokha ndi nzeru yabwino: dzina la munthu limasandulika nambala, nambalayo n'kuloza pamene pali ngongole yake, osafufuza mndandanda wonse. Koma HashMap imakulunga chinthu chilichonse pachokha, ndi kachingwe kolozera china. Ndani angaike usipa umodziumodzi m'jumbo yakeyake n'kumadabwa kuti dengu ladzaza msanga? Memore imathera m'majumbomo, ndipo foni imatopa n'kuthamangira uku ndi uku.

Chondipweteka n'chakuti mankhwala alipo, aulere. Android ili ndi ArrayMap ndi SparseArray, zopangidwira mindandanda ya zinthu mazana ochepa ngati ya mayi aja. Mu 2018 Google inatulutsa hash table yotchedwa Swiss table. Mmenemo zinthu zimayalidwa moyandikana ngati usipa pathandala, chilichonse chili ndi kachizindikiro ka byte imodzi, ndipo kompyuta imaona zizindikiro 16 nthawi imodzi. Chinenero cha Rust chinatengera njirayi mu 2019, Go mu 2025.

Nanga ngati mukufuna ngongole zitsatane masiku? Apo hash table sithandiza, pafunika mtengo wa nthambi. B-tree, imene Rudolf Bayer ndi Edward McCreight anaifotokoza mu 1970, imasunga zinthu zambiri panthambi imodzi ndiponso m'ndondomeko. SQLite, yomwe ili kale m'foni iliyonse ya Android, imayendera yomweyo. Palibe chifukwa chokokera kaundula yense m'memore.

Aphunzitsi a ku MUBAS, MUST, Mzuni ndi UNIMA, ndikukupemphani: musanapereke malikisi, muuzeni wophunzira ayendetse ntchito yake pa foni ya 1GB, mayina ambirimbiri ali momwemo, intaneti itazimitsidwa. Ikauma, abwerere akakonze.