Alimi a ku Simonga, dziwanani ndi ogula pa lamya

Tomato ndi repu wa ku Simonga amafota podikila ogula pa msika wa Maramba, pomwe mahotela a m'mbali mwa Zambezi amafuna ndiwo zamasamba tsiku lililonse. Vuto n'lakuti wolima ndi wogula sadziwana.

Abale, mutu umodzi susenza denga. Yambitsani kagulu ka WhatsApp pa mpingo kapena pa kopaletivu. Muikemo alimi, osema ziboliboli, oyendetsa mataksi ndi ogulila mahotela zakudya. Aliyense alembe dzina lake lenileni, cimene agulitsa, mtengo ndi tsiku lokolola. Ndale ndi miseche zikhale kwina.

Mukalonjeza mabokosi asanu pa Cisanu, afike asanu, cifukwa wogula akakhumudwa amauza gulu lonse. Ndipo PIN ya Airtel Money kapena MoMo musauze munthu, ngakhale adziche bwana wa hotela.