Chisanu Chisatsekere Ana M'nyumba

Chaka ndi chaka, mwezi wa Juni ukafika, mphepo ya mwera imayamba kuomba ndipo nkhungu imakuta mapiri a Michiru, Soche ndi Ndirande. Imeneyi ndiyo nyengo ya chiperoni, imene idatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. M'midzi ya ku Madziabango, ku Chileka ndi ku Lirangwe makolo ambiri amachita chinthu chimodzi nyengo imeneyi: amakoleza moto m'nyumba, natseka chitseko ndi mazenera, nauza ana kuti asayerekeze kutuluka. Amatero chifukwa cha chikondi, ndipo palibe angawadzudzule pofuna kuti ana awo afunde. Koma mwana amene waswera pa utsi nagonanso pa utsi ali pa ngozi yaikulu kuposa mnzake amene wavekedwa bwino nakasewera pa dzuwa. Nyengo ya chisanu iyenera kukhala nyengo yotulutsa ana pabwalo ndi kuyenda nawo.

Chimene chimadwalitsa mwana

Akuluakulu amanena kuti mphepo ikamlowa mwana imampatsa chibayo. Mawu amenewa ali ndi mbali yake yoona, pakuti khanda limene lazizidwa kwambiri limafooka msanga. Komabe chibayo chimayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timachoka kwa munthu wina pamene akukhosomola kapena kuyetsemula. Tizilombo timeneti timafala mosavuta pamene anthu athinana m'chipinda chotseka, mopanda mpweya wabwino. Utsi wa nkhuni nawo umatupitsa njira za mpweya, ndipo tizilombo tikafika timapeza khomo lotseguka kale. Kholo limene likukayika likayang'ane mwaye umene wadetsa tsindwi la khitchini yake. Utsi umene udadetsa udzu uja ndi womwewo umene mwana amapuma akakhala pa mafuwa tsiku lonse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidawerengera kuti m'chaka cha 2019 chibayo chidapha ana osakwana zaka 5 oposa 700,000, ndipo limatchula utsi wa m'nyumba ndi kuthinana pakati pa zinthu zimene zimawonjezera vutoli.

Mbaula ya makala ili ndi ngozi yakeyake. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya woipa umene ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, kenaka amagona tulo tosadzuka nato. Nchifukwa chake mbaula siyenera kugona m'nyumba ngakhale kutazizira chotani.

Ngozi yachitatu ndiyo kupsa. Mwana wokwawa sadziwa kuti phulusa limabisa moto, ndipo wongoyamba kuyenda amagwira mphika wa phala kuti aimirire. Ana opsa kwambiri amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene ambiri amachitcha Gulupu, kumene amagona masabata ambiri, mayi atasiya ana ena ndi ntchito zonse kumudzi. Chipsera cha moto wa tsiku limodzi mwana amakula nacho mpaka ukalamba. Mwana wodwala khunyu ndiye sayenera kusiyidwa yekha pafupi ndi moto ngakhale kamphindi.

Kumene banja lingapite

Dzuwa likakwera, cha m'ma 9 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko masana, kunja kumakhala kofunda kuposa m'nyumba zambiri. Imeneyi ndiyo nthawi ya ana. Malangizo amene WHO idatulutsa m'chaka cha 2019 amati mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 4 ayenera kuthamanga, kudumpha ndi kusewera kwa maola osachepera 3 pa tsiku. Thupi likamagwira ntchito limadzifunditsa lokha, mwana amamva njala nadya bwino, ndipo usiku amagona tulo tabwino. Kuwala kwa dzuwa kumathandizanso thupi kupanga vitamini D, amene amalimbitsa mafupa.

Zambiri mwa zimenezi sizilira ndalama. Anthu akatha kukolola, ana okulirapo amamanga timisasa ta masanje, ndipo ang'onoang'ono amasangalala kutumidwa kukatola tinkhuni ndi kutunga timadzi. Phada, chipako, jingo, mpira wa chikulunga ndi magalimoto a mawaya ndi masewero amene makolo a lero adakula nawo, ndipo akali ndi ntchito yake. Mayi popita kudimba angathe kutenga mwana wa zaka 3 kuti aziyenda yekha pang'onopang'ono, akuphunzira mayina a mbewu, mitengo ndi mbalame. Chofunika ndi chakuti pakhale munthu wamkulu woyang'anira, makamaka pafupi ndi zitsime za m'madimba, ndiponso kuti ana aang'ono asatsate akulu awo kokatentha tchire posaka mbewa.

Ulendo woyamba mwa maulendo onse ndi wa kusikelo. Makolo ena amalumpha mwezi wa Juni ndi wa Julayi ponena kuti kwazizira, chonsecho chitetezo cha mwana chili komweko. Katemera wa chibayo adayamba kuperekedwa m'Malawi muno m'chaka cha 2011, ndipo mwana amalandira katatu asanakwanitse chaka. Katemera wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, ndipo chikuku ndi nthenda imene kawirikawiri imabweretsa chibayo pambuyo pake. Tsiku la sikelo ku Madziabango, ku Chileka kapena ku Lirangwe lingathe kukhala tsiku lokondweretsa, ngati bambo aperekeza, ana okulirapo atsagana nawo, ndipo pobwerera onse akhala pansi pa mtengo kudya mbatata yootcha ndi mtedza.

Dera lililonse lili ndi chake choonetsa mwana. A ku Chileka ali pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo mwana amene waona ndege ikutera kapena kunyamuka, ngakhale ali chapatali, amaikamba nkhaniyo mwezi wathunthu. A ku Lirangwe ali ndi msika, kumene nyengo ino kumapezeka manachesi a ku Mwanza, nzimbe ndi malambe. Zipatso zimenezi zimapatsa thupi mavitamini olithandiza kulimbana ndi matenda, koma dzanja la mwana lisachoke m'dzanja la kholo chifukwa magalimoto a pa msewu waukulu wa M1 amathamanga kwambiri. A ku Madziabango ali ndi zitunda zimene banja lingakwere pang'onopang'ono masana, ana akuona midzi ndi minda ili m'munsi mwawo.

Banja limene lagulitsako mbewu lingathenso kupatula tsiku limodzi pa chaka lokaonetsa ana mzinda wa Blantyre. Ku Chichiri kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale imene idatsegulidwa m'chaka cha 1966, kumene ana amaona zipangizo za makolo akale ndiponso mutu wa sitima yakale ya malasha uli panja. Tchalitchi cha St Michael and All Angels cha ku Blantyre Mission chidamalizidwa m'chaka cha 1891, ndipo njerwa zake adaumba ndi kuwotcha ndi anthu a konkuno. Nyumba ya Mandala idamangidwa m'chaka cha 1882. M'mera mpoyamba: mwana amene waona zinthu zotere ali wamng'ono amafika kusukulu ali ndi mafunso, ndipo mwana wofunsa ndiye amaphunzira.

Mawu kwa abambo

Ena adzati kuyenda ndi ana ndi mwambo wa anthu a m'tauni, ndipo kuti munthu wa kumudzi alibe nthawi kapena ndalama zotayira pa zotere. Za ndalama nzoona kuti mabanja ambiri ali pa mavuto, ndipo palibe akukakamizidwa kukwera minibasi. Koma za nthawi sizoona. M'chaka chonse, miyezi ya Juni ndi Julayi ndiyo imene mlimi amapumako: chimanga chili m'nkhokwe, kusosa sikunayambe, misewu ndi youma, mitsinje yaphwa. Nthawi imeneyi abambo ena amaithera pa mowa, pamodzi ndi ndalama zimene zikadagula juzi ya mwana. Kulera si ntchito ya amayi okha. Bambo amene wanyamula mwana wake paphewa kupita naye kumsika kapena kusikelo sadachepe ulemu, ndipo mwanayo sadzaiwala.

Kuveka mwana ndi kudziwa zizindikiro

Kutulutsa mwana sikutanthauza kumuonetsa ku mphepo ali wamaliseche. Avekedwe zovala ziwiri kapena zitatu zosanjikiza, chipewa kumutu ndi masokosi kumapazi, ndipo chovala chikanyowa achotsedwe msanga. Kumene kulibe juzi, chitenje chopinda pawiri chimathandiza. Asambitsidwe masana ndi madzi ofunda, osati m'bandakucha kapena usiku. Tsiku limene chiperoni chakula ndipo mvula ya mawawa siikuleka, ana asewere pakhonde kapena m'nyumba mopanda moto, zenera lili lotsegula. Khanda losakwana miyezi 2, makamaka lobadwa masiku asanakwane, malo ake ndi pa chifuwa cha mayi, khungu kukhudzana ndi khungu, likuyamwa pafupipafupi. Chakudya chiphikidwe panja kapena m'khitchini yotuluka utsi, mwana ali patali.

Chimfine wamba chimatha chokha mwana akamayamwa, kumwa ndi kudya bwino. Koma kholo liyenera kuthamangira kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo likaona mwana akupuma mofulumira, m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati pokoka mpweya, akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, akukomoka kapena akungogona osadzutsika. Azaumoyo amati mwana akupuma mofulumira ngati pa mphindi imodzi apuma ka 60 kapena kuposa asanakwane miyezi 2, ka 50 kuyambira miyezi 2 mpaka 11, ndi ka 40 kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka 5. Chibayo chimachizika mankhwala akayambidwa msanga. Mwana akapsa, pa balapo pathiridwe madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, pafundidwe nsalu yoyera, ndipo apite naye kuchipatala. Mazira, mafuta, dothi ndi mankhwala otsukira mano siziyenera kupakidwa pa bala la moto, ndipo matuza asaphulitsidwe.

Chisanu chimabwera chaka chilichonse ndipo chimapita Ogasiti akamatha. Chimene chimatsala ndicho chimene makolo adachita ndi ana awo m'miyezi imeneyo. Kupewa kumaposa kuchiza. Banja lililonse lisankhe tsiku limodzi pa sabata loti bambo, mayi ndi ana atuluke pamodzi dzuwa likakwera, lisalumphe tsiku la sikelo, ndipo usiku mbaula igone panja.