Intaneti Yafika pa Nkhata Bay, Koma Ikukanika Kudutsa Pabwalo

Pali dandaulo limene likumveka kawirikawiri pakati pa eni nyumba zogona alendo pa doko la Nkhata Bay. Akuti intaneti ya Wi-Fi imagwira bwino m'nyumba yaikulu, koma munthu akangotsikira ku kanyumba ka kuseri, kapena ku zipinda za m'mphepete mwa nyanja, imazimirira. Mlendo wotsika m'sitima ya Ilala akaona zotere amasamukira kwina m'mawa mwake, ndipo ndalama zimapita naye. Tsono ena mwa odandaulawa afulumira kuloza Boma chala, koma kutero ndi kulakwa.

Boma lachita mbali yake. Gawo loyamba la chingwe chachikulu cha faiba, chimene anayala a Huawei, linatha mu 2018. Mu 2022 bungwe la MACRA linapatsa Starlink chilolezo, ndipo kampaniyo inayamba nchito m'dziko muno mu 2023, kuonjezera pa TNM ndi Airtel. Zonsezi zimafikitsa intaneti pakhomo. Kuchokera pakhomopo kukafika kuseri, imeneyo ndi nchito ya mwini malo.

Bvuto liri m'kamangidwe ka tauniyi. Nyumba ziri pa zitunda, ina pamwamba ina pansi, ndipo pakati pake pali matanthwe ndi mitengo ya mango. Mafunde ochokera mu rauta ndi ofooka ndithu. Malata amawabweza monga kalirole abwezera kuwala, khoma la njerwa zootcha limawachepetsa mphamvu, ndipo masamba onyowa amawamwa. Nanga mvula ya m'boma limeneli ndani saidziwa? Mafunde a 5 GHz ndi aliwiro koma satha kuboola makoma monga achitira a 2.4 GHz, kotero kuti amene ali kutali ayenera kusankha achiwiriwa. Ndiponso rauta yobisidwa m'kabati poopa akuba iri ngati nyali yobvundikiridwa ndi dengu: iikidwe pamwamba, pa zenera lopenya kuseri.

Ambiri amathamangira kugula kachipangizo kobwereza mafunde nakaika m'kanyumba momwemo. Ndalama zotere zimangotayika, pakuti kameneka kamabwereza chokhacho chimene kamva. Malo ake ndi pakati pa nyumba ziwirizo, ndipo ngakhale pamenepo liwiro limatsika pafupifupi ndi theka.

Njira yodalirika ndi chingwe cha Ethernet, chimene chimagwira bwino kufikira mamita 100. Chilowetsedwe m'paipi, chikwiriridwe pansi, ndipo kumapeto kwake kuikidwe rauta yachiwiri. Koma chingwe cha mkuwa chimatha kutengera mphezi m'nyumba zonse ziwiri, choncho pafunika zotetezera, kapena faiba imene sinyamula magetsi. Pamene mtunda wapitirira mamita 100, kapena thanthwe laletsa kukumba, pamangidwe maeriyo awiri oyang'anana, wina pa nyumba yaikulu wina pa kanyumbako. Amenewa amafuna kuonana popanda chotchinga, ndipo nthambi za mango zimene ziri pakati ziyenera kusadzidwa mvula isanayambe.