NETIWEKI IKADUKA, DATA YATHU IBWERERE!

Achinyamata anzathu, tamvani.

Pa 14 October 2025 Microsoft idasiya kuteteza Windows 10. Kompyuta yosasamukira ku Windows 11 yatsala pambalambanda, mbava za pa intaneti zingodzilowera. Koma kusamukako kumadya ma GB oposa 4. Pa netiweki yathu inoyi?

Timagula bandulo ndi ndalama ya ndiwo. Update ikafika pakati, netiweki zii! Tiyambirenso. Bandulo yatha, kompyuta ili momwe inalili. Wophunzira wagwira njakata, wa bizinesi yotayipa watseka. Kampani yalandira zake zonse, ife talandira chiyani? Wogulitsa mafuta m'botolo lobooka ndi wakuba basi.

Tikufuna:
1. Data yotayika netiweki ikaduka ibwezedwe.
2. Bandulo isamafe ndi tsiku tisanaimalize.
3. Msonkho wa 10% womwe boma lidaika pa data mu 2015 uchoke.

Mu 2020 tidakuwa #DataMustFall, mitengo idatsika. Sitidapemphe mogwada ayi.

Update ikakanika, jambulani screenshot, lembani dera lanu, tumizani kuno. Umboni wonsewo tikautula ku MACRA.

Mwazani uthengawu m'magulupu onse!